Amayi Anasesa Nkhalango

Ndikukumbukira nkhalango ija ya kuseri kwa mgodi wa Bwana Mkubwa, anzanga, ndipo ndikaikumbukira mapazi amayamba okha kuvina, ngakhale maondo akukana. Inali nkhalango yakale, yakalekale, yoti Alamba eni dziko ankati makolo a makolo awo anaipeza ili chilili. Mitengo ya m'mbali monse inali itapita, ina kukachirikiza migodi pansi pa nthaka, ina kukasanduka makala, koma iyi boma linaiikira malire, linati nkhwangwa isaponde muno. Ukalowamo dzuwa linkatsala panja. Mitondo, miombo, misuku, miwanga, ndi chimtengo china chimene Alamba amati mofu, choti ife ana tikagwirana manja kuti tichizungulire, tinkatha ndife, mtengo usanathe. Pansi pake pofewa, pofewa, masamba a chaka chino pamwamba pa masamba a chaka chatha pamwamba pa masamba a nthawi ya Nowa. Ndipo munkanunkhira mvula ngakhale pakati pa chilimwe.

Mlonda wake anali Ba Chisenga, Mlamba wamtali, woonda, wa njinga yopanda mabuleki imene ankaiimitsa ndi chidendene. Monga alonda onse a nkhalango, anthu ankawatcha kapenda mabula, ndiko kunena wowerenga masamba. Masambawo sindidziwa ngati ankawerengadi, koma mapazi a amayi anga ankawadziwa onse awiri.

Ife tinali ochokera kummawa, cha ku Katete. Atate ankagwira ntchito kumene amaotcha miyala ya laimu, ndipo ankabwera kunyumba ali mbuu, nsidze zoyera ngati nkhalamba, chonsecho ali mnyamata. Inali nthawi ija kopa wa m'migodi anali mfumu. Amuna a m'komboni akugula njinga, akugula mawailesi, akugula masuti, aliyense akuyenda ngati ufulu anakautenga yekha. Koma amayi anga, anaZulu, tauni siinawalowe m'magazi. Nyumba yathu inali kabokosi, bwalo lake ngati mphasa. Munda panalibe, dimba panalibe. Manja ozolowera khasu anasowa chogwira, ndiye anagwira tsache. Kusesa m'mawa, kusesa masana, kusesa madzulo, mpaka bwalo linatsika, nyumba inakwera. Nkhuku ya aneba ikamadutsa pathu inkayenda monyang'ama.

Malo amodzi okha ndi amene ankawabwezera amayi mtima m'malo, ndiwo nkhalango ija. Mvula ikagwa ankanditenga, dengu pamutu, n'kukalowa mozemba kukazula ndelema, bowa amene kuno amati tente, ndi kutola masuku. M'menemo amayi ankasanduka munthu wina. Ankaimba, ankaseka, ankatchula mitengo maina ngati akupereka moni kwa abale, ankati muno mokha ndi mmene mumanunkhira kwathu. Kenaka belu la njinga, ngriii, ife liwiro, bowa kumwazika m'njira. Tikafika kunyumba amayi ankangokhala duu, maso kukhoma, ndiwo kupsereza. Atate ankatiuza kuti tsiku limene nkhalango ija idzatsekedwe zenizeni, mayi anuwa tidzakhala tawaika m'manda ali maso.

Chaka chotsatira ufulu, mbendera yatsopano isanasuluke, Ba Chisenga anatulukira patchalitchi pathu tikuweruka mapemphero, chipewa chili m'manja. Amayi anabisala kumbuyo kwa anzawo, poganiza kuti munthuyu wawalondola mpaka kwa Mulungu. Koma iwo anadza ndi pempho. Anati atopa kuthamangitsa azimayi, miyendo ali nayo iwiri yokha, ndipo mdani weniweni wa nkhalango si dengu ayi, ndi moto wa m'chilimwe. Anati akufuna anthu owathandiza kulambula mseu wa moto, ndiko kupalira njira yotakata kuzungulira nkhalango yonse, kuti moto wakutchire ukafika apo upeze dothi lokhalokha, usowe chodya, ufe. Malipiro palibe. Koma amene alambule, mvula ikagwa azilowa poyera, azizula bowa, azitola masuku, kungoti nkhwangwa ndi machesi zizitsala kunyumba. Ndipo anachenjeza kuti akuluakulu awo maganizo amenewa sakuwakonda. Kubwera bwana watsopano kudzaona ndi maso ake. Akadzapeza kuti anthu a m'komboni aononga kanthu, nkhalango idzazingidwa ndi waya waminga, ndipo palibe adzalowemonso.

Amayi anatuluka kumbuyo kuja ngati aitanidwa ndi mngelo. Dzuwa lisanalowe anali atayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa azimayi a mpingo wathu, ndi Achiroma omwe, kuyambira Amake Josefina a nyumba yoyandikana nafe, amene ankakangana nawo za ubatizo ndi kubwerekana nawo mchere.

Inali nyengo yozizira, udzu utayamba kufiira, milomo ikung'ambika. Ine ndinali kamtsikana, mawere asanaganize n'komwe zobwera, ndipo sukulu ndinali nditaisiya kale mwamtendere, iyo kwake ine kwanga. Anzanga, munaonapo azimayi akummawa amene akhala zaka osagwira khasu, tsiku lina n'kupatsidwa dothi? Makasu akuimba, azimayi akuyankha. Makasu akufunsa, azimayi akuvomera. Makanda kumsana akuvina osafuna. Fumbi kobo, thukuta kamukamu, nyimbo za kwathu kusakaniza ndi za Achiroma, Mulungu n'kumasankha yekha. Ntchito imene Ba Chisenga ankayesa ya mwezi inatha iwo akadakanda kumutu. Anayenda mseu wonse akukankha njinga, akuthokoza m'Chibemba, akuthokoza m'Chilamba, kenaka anakwera kupita kutauni kukauza bwana kuti abwere Loweruka. Ife anatiuza kuti iwo akakhalako pang'ono kwa mlongo wawo, abwera Lachisanu.

Apa ndi pamene nkhani inakhotera. Amayi ataimirira pamseu wawo woyera bwino uja, anatembenuka nasuzumira m'nkhalango. Nkhalango yomwe ija, ya fungo la kwathu. Koma tsopano sankaiona ndi maso a munthu wozemba ndi dengu. Ankaiona ndi maso a mwini khomo amene akuyembekeza mlendo. Ndipo zimene anaona zinawagwetsa nkhope: masamba ofika m'akakolo, nthambi zogwa mbwee, zipika zowola, maukonde a akangaude kulikonse.

"Amake Josefina," anatero, "bwana akubwera Loweruka. Tidzamulandirira pa uve umenewu?"

Amake Josefina anayang'ana, nagwira pakamwa. Anati zoonadi mwamuna ndi mwamuna basi, Ba Chisenga akhala muno zaka zonsezi osasesako ndi tsiku limodzi. Wina anati kwathu mlendo akamveka bwalo limasesedwa, nyumba imaziridwa, ana amasambitsidwa mpaka kulira. Wina anati bwana akadzaona chonchi adzati anthu awa ndi osasamala, tsekani. Mawu oti tsekani atamveka, nkhani inathera pomwepo.

M'mawa mwake makasu anatsala, panabwera matsache. Nkhalango yonse sitikanaitha, ndiye tinasankha kumaso kwake, kumene mlendo adzalowere, kukafika pa mofu uja. Tinasesa, anzanga, tinasesa. Waa, waa, waa, ngati mvula ikubwera chapatali. Abongololo, nkhono, tiachule, zonse zikusamuka ndi ana omwe, sizinaonepo zotere chilengedwere. Zipika zowola tinazikoka, miyala tinaindandalitsa m'mbali mwa njira. Ine ndinali ndi luso losesa mojambula, tsache likusiya mizere yopindika ngati mamba a nsomba, ndiye anandiika kumapeto kuti ndizikometsera. Amayi akuuza aliyense kuti mwana uyu kuwerenga kunamukana koma taonani dzanja lake.

Zitatha izo, amayi anaona kuti pakusowabe kanthu. Kuboma, kupolisi, kuchipatala, mitengo yonse yaulemu inali yopakidwa laimu kumunsi. Nanga yathuyi ndi yamasiye? Atate anauzidwa, ndipo monga mwamuna wofuna mtendere panyumba, anabwera ndi laimu wotsalira m'chithumba. Tinasungunula m'zidebe, tinapaka mtengo ndi mtengo kulekeza m'chiuno. Mitondo, miombo, misuku, yonse inavala masokosi oyera ngati ana a sukulu ya azungu. Mofu yekha anamwa chidebe chathunthu.

Zinyalala nazo zinafuna kopita. Kutentha sitikanatentha, pangano linali loti machesi ayi, ndipo amayi pangano ankalisunga. Tsono zinyalala kwathu zimatayidwa kuti? Kumalire a bwalo. Malire a bwalo ili anali mseu wa moto uja. Tinatuta m'madengu, tinatuta m'zitenje, tinaunjika masamba ouma ndi zipika pamseu womwe tinaulambula tokha. Milu, milu, milu, yooneka bwino, yolingana msinkhu.

Lachisanu m'mawa tinandanda pakhomo pa nkhalango, azimayi atamanga mipango yochapa, kudikira kuyamikiridwa. Belu lija linamveka, ndipo kwa nthawi yoyamba palibe anathawa. Ba Chisenga anatulukira, anaponda chidendene pansi, njinga inaima, iwo anatsika, njinga inagwa, sanaidzutse. Anayang'ana milu. Anayang'ana masokosi. Anayang'ana mamba anga a nsomba. Kenaka anakhala pansi padothi, miyendo tambalale, ngati mwana. Amake Josefina poona kuti chimwemwe chamufoola munthu, anaimba nthungululu.

"Bamayo," ndiko kuti amayi, anatero Ba Chisenga ndi mawu aang'ono, "masamba anga ali kuti?"

"Tachotsa, mukwai," anayankha amayi ndi mawu aulemu a kuno. "Musavutike n'kuthokoza, ndi ntchito ya Ambuye."

Munthu uja anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akupepesa maliro. Anati mseu wa moto tausandutsa nkhokwe ya moto. Wosuta fodya mmodzi akadutsa, nkhalango ipsa kuyambira pamene tinaitchinjiriza. Anati masamba aja ndiwo bulangete la nthaka, ndiwonso chakudya cha mitengo, ndipo dothi lovulidwa chonchi dzuwa la m'chilimwe lidzaliotcha ngati njerwa. Anati bwana akaziona izi mawa, waya ubwera. Amayi anakwiya. Anati chibadwire chawo palibe munthu ananyozapo tsache lawo, ndipo sayambira pa mwamuna wa njinga yopanda mabuleki.

Ba Chisenga sanakangane nawo. Anadzuka, anapita kumene tsache silinafike, anagwada, nafukula masamba ndi dzanja. Pansi pake panali dothi lakuda, lonyowa, lolukana ndi timaulusi toyera ngati thonje. Anatapa, napatsira amayi m'manja. Amayi ananunkhiza. Ine ndinkawayang'ana kumaso, ndipo ndinaona mkwiyo ukutsika ngati madzi m'nsalu yoyanikidwa. Linali fungo la ndelema, bowa asanabadwe. Ndipo musaganize kuti anali kuphunzira chachilendo ayi. Nanga anandiphunzitsa ndani kuti bowa amagona pansi pa masamba? Ankadziwa bwinobwino, kungoti mlendo amalanda nzeru. Anatembenukira anzawo, dothi lili m'manja.

"Azimayi, tasesa ndiwo."

Panalibenso zokambirana. Masamba abwerere kwawo, lero lomwe. Madengu aja, zitenje zija, ulendo wobwerera. Koma apa panabuka vuto limene palibe analiganizira: azimayi aja sankatha kutaya zinyalala. Manja ankakana. Wina akuyala masamba m'mizere ngati akubzala mbatata. Wina akuunjika timilu tolingana. Amake Josefina akusalaza ndi chikhatho, akuchotsamo timitengo. Ba Chisenga akuonetsa kuti ayi bamayo, mungoponya chonchi, mwachisawawa. Amayi ananyamula masamba odzaza manja, anakweza mkono, anatseka maso, koma mkono unatsika wokha n'kuwaika pansi mwaulemu. Anayesanso, chimodzimodzi. Zaka zonse za kuleredwa bwino zinawagwira pachigongono.

Ndiye anatiitana ife ana, tonse amene tinali pamenepo, ndi ena anakatengedwa kukomboni. Anatiyang'ana ngati munthu amene akumwa mankhwala owawa.

"Ana inu, zija ndakhala ndikukumenyerani zija, chitani pano. Chitani ndi mtima wonse."

Anzanga, ufulu umene akulu anavinira chaka chinacho, ife unatipeza tsiku limenelo. Tinalumphira m'milu, tinagubuduka, tinaponyerana, tinamenya masamba ndi mapazi akuuluka mpaka m'nthambi n'kutigwera ngati dalitso. Zipika tinazikunkhuniza, chilichonse kukagona kumene chafuna. Miyala ya m'mizere tinaibalalitsa. Mamba anga a nsomba ndinawapondaponda ndekha, ndikuimba. Masamba m'tsitsi, masamba m'makutu, masamba m'kamwa, ndipo palibe wotikalipira, m'malo mwake Ba Chisenga akutilozera kuti apa simunaononge mokwanira. Azimayi ankangotuta masamba n'kutipatsa, ena atatembenukira kumbali kuti asaone. Pofika madzulo mseu wa moto unali woyera kachiwiri, ndipo nkhalango inali yauve monga Mulungu anaifunira.

Chinatsala ndi laimu. Tinakhula ndi masaka onyowa, tinakhula ndi mchenga, koma laimu wa atate anali wabwino zedi. Mitengo inakhalabe ndi masokosi, kungoti tsopano akuda pang'ono.

Loweruka kunabwera galimoto ya boma. Amene anatsikamo anali mnyamata wakuda ngati ife, wa kabudula wositidwa, dalaivala akumutsegulira chitseko. Zoterezo tinali tisanazizolowere, ndipo azimayi ena anaombera m'manja chitsekocho. Bwana anayenda pamseu wa moto, anati sanaonepo wolambulidwa bwino chotere. Ife n'kumangotsinana, podziwa kuti walambulidwa kawiri. Analowa m'nkhalango, masamba akulira kuphazi, akugwedeza mutu mokondwa. Kenaka anaima. Patsogolo pake mitengo yoyera miyendo, ndii, ngati ikudikira kuguba.

Anafunsa Ba Chisenga kuti kodi mitengoyi yagwidwa ndi matenda anji. Ba Chisenga anayang'ana kumwamba, thandizo silinatsike. Waya uja tonse tinayamba kuumva kubaya. Pamenepo amayi anatuluka pagulu, anagwada, nafotokoza zonse m'Chinyanja, osabisa kanthu: za matsache, za milu, za laimu, za ana. Anati cholakwa ndi chawo, anzawowa anangotsatira. Bwana nkhope ili gwa. Anafunsa kuti azimayi inu kwanu n'kuti. Anati kummawa. Ndinaona mlomo wake ukugwedera pakona.

Inu a kuno mukudziwa, koma ndinenere adzukulu. Abemba ndi ife akummawa ndife a chimbuya. Makolo athu anamenyana nkhondo, atatopa anapangana kuti basi, tizingonyozana moseka. Pamaliro, paukwati, timapakana ufa kapena laimu kumaso, ndipo wopakidwa saloledwa kukwiya. Tsono bwana uja anali Mbemba wa kumpoto kwenikweni.

"Ndiye ndi inu, odya mbewa," anatero. "Mwasesa nkhalango ya boma kufuna mauna a mbewa, mwasowa, ndiye mwapsera mtima mitengo yanga."

Ba Chisenga, poti Mlamba alibe nafe chimbuya, anayesa kuti zathera pomwepo. Amayi anadzuka pang'onopang'ono, anasasa fumbi m'maondo.

"Tinamva kuti kukubwera wodya anyani," anatero, "ndiye tinati tiyeretse mitengo kuti muziwaona bwino akamatsika."

Kuseri kwa mofu kunali chidebe chimene tinabisa, laimu atatsalira pansi. Amayi anapita, anaviika dzanja, anabwerera osafulumira, nalipukutira pamphumi pa bwana wa boma, kutsikira m'masaya. Amake Josefina anachita chizindikiro cha mtanda. Dalaivala anayang'ana nsapato zake.

"Mwapakidwa, mbuya. Tsopano tsekani nkhalango tione."

Bwana anayesa kusunga nkhope, inamupulumuka. Anaseka, anaseka, mpaka anayedzamira mofu, malaya n'kuyera kumsana. Atapuma anaweruza ali mbuu choncho. Anati waya subwera. Anati anthu amene alakwa chifukwa chokonda nkhalango mopitirira sangawatsekere kunja, ndipo mseu wa moto uzilambulidwa ndi ife chaka ndi chaka. Koma anati mbali imene inasesedwa ipumule, chaka chimenecho pasazulidwe kanthu. Ndipo pa zoletsedwa zija, nkhwangwa ndi machesi, anaonjezapo chachitatu: tsache.

Mvula itagwa amayi analowa m'nkhalango chamasana, poyera, akuimba mokweza, dengu pamutu, ndipo podutsa pa Ba Chisenga anawapatsa moni kawiri kuti amve bwino. Mbali yosesedwa ija inanyanyala, bowa sanamere kwenikweni chaka chimenecho, ndipo amayi akamadutsapo ankaipepesa ngati mnzawo amene anamunenera miseche. Pambuyo pake inakhululuka. Amayi analambula mseu wa moto mpaka msana unawakana, ndipo obwera ndi nkhwangwa ankapemphera kuti akumane ndi Ba Chisenga, osati anaZulu.

Lero ndine gogo wa ku komboni ya Pamodzi, mano owerengeka, mtima wa kamtsikana. Nkhalango ija ilipobe, Mulungu alemekezeke, ngakhale yaonda, nyumba zaizinga zikuisuzumira m'mawindo. Amene amailambulira mseu tsopano ndi anyamata ndi atsikana a masikipa ofanana, khasu dzanja ili, foni dzanja ilo, ndipo nyimbo zawo zimatuluka m'thumba osati pakhosi. Koma amabwera, osalipidwa, ndipo ndimawakonda. Nthawi zina adzukulu amandikweza minibasi kuti ndikaone. Chimene chasintha n'chakuti pakati pa masamba tsopano pali mapulasitiki, mabotolo, matewera a ana, zinthu zimene nthaka imatafuna n'kulavula. Ndiye achinyamata aja amayenda ndi masaka, akutola chimodzichimodzi, akudandaula kuti nkhalango yada. Ine ndimakhala pachipika, ndikuseka mpaka misozi, chifukwa ndimawamva anaZulu kumene aliko, atagwira m'chiuno, akuuza angelo kuti ndinanena ine kuti muja mufunika kusesa, kungoti ndinafulumira.